Galimoto ikukana kulira: mungadziwe bwanji ngati vuto ndi sitata?

M'mawa wa mwezi wa June kuno ku Zomba, mphepo ikamatsika m'phiri, galimoto zambiri zimakana kulira ndipo eni ake amafulumira kunena kuti sitata yafa. Kawirikawiri wolakwa amakhala batire kapena waya. Musamasule sitata musanayese izi.

Yambani ndi khutu. Zimitsani wailesi, pindani kiyi, mumvetsere. Mukamva kuti "ta-ta-ta-ta" mofulumira, moto ndi wochepa. Ikagogoda kamodzi kuti "kha" kenako zii, ndiye kuti solenoid, kaswitchi ka pa sitata kolowetsa moto mu mota, yagwira koma mota wa sitata sanazungulire. Ikangolira kuti "wiii" injini osatembenuka, bendix, kagiya ka pa sitata, sakulumana ndi mano a flywheel, chigudumu chachitsulo cha kumbuyo kwa injini. Mukamva kukukuta, siyani pomwepo: mano akudyana, ndipo kusintha flywheel kumafuna kutsitsa giyabokosi.

Kenako batire. Yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 pa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, injini ili chete. Ikatsika pansi pa 12.2 yafooka. Wina apinde kiyi inu mukuyang'ana: isatsike pansi pa 9.6. Ngati mulibe multimeter, yatsani nyali zakutsogolo. Zikazilala kwambiri popinda kiyi, kayikirani batire kapena mitu yake. Zikamawalabe bwinobwino sitata ili duu, vuto si batire, lili pa njira yopita ku sitata kapena pa sitata pomwepo.

Mitu ya batire ndiyo imapusitsa ambiri. Igwedezeni ndi dzanja. Ikamasewera, kapena ikakhala ndi ufa woyera uja, masulani wa negative poyamba, tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, palani mpaka iwale, mumange zolimba. Musaiwale waya wa earth wochoka pa batire kupita ku bodi ndi ku injini. Ndi mvula ya kuno, amachita dzimbiri pomwe wamangidwira.

Ngati kuli zii osamveka kanthu, pa otomatiki sunthani giya kuchoka pa P kupita pa N muyesenso. Ikalira, switch ya pa giya ndiyo yatopa. Onaninso fyuzi, ndipo relay ya sitata, kaswitchi kamagetsi ka m'bokosi la mafyuzi, muisinthanitse ndi ina yofanana nayo nambala m'bokosi lomwelo.

Tsopano sitata yeniyeniyo. Kawaya kakang'ono ka pa solenoid kayenera kulandira mavoti pafupifupi 12 kiyi akapindidwa. Moto ukufika koma sikuzungulira? Giya ili pa nyutulo, handibuleki yokoka, igogodeni pang'ono ndi sipanala wina akupinda kiyi, osamenya ngati mukuswa mwala, chifukwa maginito a mkati amasweka. Ikadzuka, kawirikawiri ndiye kuti mabulashi, timakala topereka moto mkati mwa mota, atha. Amagetsi a galimoto amasintha mabulashi okhawo, palibe chifukwa chogulira sitata yonse.

Musapinde kiyi kupitirira masekondi 10. Ipumitseni theka la mphindi, apo ayi mupsereza mawaya a mkati. Galimoto ya manyuwo mutha kuikankha ili mu giya yachiwiri, ndipo zitunda za ku Zomba zimathandiza. Ya otomatiki, ngati ma Sienta ndi ma Vitz ambiri ochokera ku Japan, silira ndi kukankha: itanani makaniko abwere pomwe yaimapo.