Kutenga galu ku LSPCA ku Lilongwe

Mwafunsa mmene mungatengere galu ku LSPCA, bungwe losamalira nyama ku Lilongwe. Yambani ndi pakhomo panu: mpanda ulipo? Eni nyumba avomera? Izi zikalongosoka, pitani mukaone agaluwo, koma musathamangire tiana tokha, chifukwa galu wamkulu khalidwe lake limaoneka msanga. Amene wakusangalatsani khalani naye kanthawi, mumuyendetseko pa chingwe.

Kenako funsani khadi lake la katemera, makamaka wa chiwewe. Funsaninso ngati anafulidwa kapena kutsekedwa kuti asabereke, ndi ndalama zoti mulipire.

Mukafika naye kwanu, mpatseni pogona pake, madzi ndi chakudya, ndipo ana asamuunjirire masiku oyambawa. Chonde musamusiye pa unyolo padzuwa tsiku lonse.