Wofuna udotolo wa ziweto ku Joni, pasipoti yako isagone kwa dobadoba

Achinyamata amene amandifunsa za maphunziro a udotolo wa ziweto ku South Africa amayamba ndi funso limodzi: fizi ndi zingati? Abale anga, fizi ndi yowawa, koma si imene inandigwetsa ine. Anandigwetsa ndi mnzathu wa ku Malawi komwe, wolankhula Chichewa chokoma, wovala jekete Lamlungu lililonse.

Tiyambe ndi zosavuta. M'dziko lonse lija digiri imeneyi imaphunzitsidwa malo amodzi okha, ku Onderstepoort, nthambi ya University of Pretoria, kumpoto kwa mzinda wa Pretoria. Ndi zaka 6. Malo a alendo ndi ochepa zedi, choncho wina akakuuzani kuti ali ndi munthu m'kati woti akulowetseni, mutsanzikeni. MSCE yokha musaidalire, ndipo ngati muli kale ndi digiri ya kumudzi, ipititseni ku SAQA, bungwe lounika maphunziro ku South Africa, akaiunike nthawi ikadalipo. Pa viza ya sukulu amafuna kalata yoti mwalandiridwa, chikalata cha kupolisi, umboni wa ndalama ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko. Inshuwalansi ya apaulendo si medical aid, musataye ndalama. Mukafika, lembetsani ku South African Veterinary Council, bungwe loyang'anira madotolo a ziweto, ngati wophunzira, ndipo bayitsani katemera wa chiwewe musanagwire galu wa munthu. Viza imalola ganyu ya maola 20 pa sabata, koma amene akuganiza kuti alipira lendi ndi ganyu imeneyo sanaone buku la anatomy, la kapangidwe ka thupi la nyama.

Buku limenelo ndi lomwe linandibwerezetsa chaka chachiwiri. Sindichita nazo manyazi, ambiri zimawachitikira. Chimene sindinaganizire n'chakuti viza yanga inawerengedwa molingana ndi zaka za kosi. Ukabwereza chaka, viza siibwereza nawe. Yanga inali yoti ithe ndili m'kati mwa maphunziro a m'chipatala cha ziweto, nthawi imene umagona ndi foni pamutu podikira kuitanidwa usiku.

Lamulo limati pempho lowonjezera viza liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60 kuti ithe. Umalemba pa intaneti, kulipira, kupita wekha ku VFS, ofesi yolandira mapempho a viza, tsiku limene wapatsidwa. Basi. Ine ndinaona ngati ndilibe tsiku limodzi lotaya. Sabata imeneyo ndinali ku mbali ya mahatchi, ndipo usiku wina ndinachezera ndi hatchi yodwala m'mimba, kuiyendetsa, kumvetsera matumbo ake, kulemba kugunda kwa mtima ola lililonse mpaka kunja kunayera. Lamlungu lake ku tchalitchi ndikusinza pa benchi, bambo wa jekete uja anandigwira paphewa. "Adokotala, inu ntchito yanu ndi yopulumutsa ziweto. Za mizere ya viza tisiyireni ife." Kunditchula kuti adokotala ndisanamalize n'komwe, mutu unakula.

Ndinamupatsa pasipoti, makalata onse a sukulu ndi R7,000. Patapita masabata awiri anabweza pasipoti pamodzi ndi lisiti yooneka bwino, ya nambala yaitali ndi timizere takuda pamwamba. Ndikanangofunsa funso limodzi: zala zanga adinda liti, poti ine sindinapiteko? Sindinafunse. Ndikanalowetsa nambala ija pa intaneti kuti ndione pamene pempho lafika. Sindinatero. Mwezi uliwonse ndikamuimbira ankati zinthu zikuchedwa kwa aliyense, ndipirire, lisiti ikunditeteza. Ndipo poti kuchedwa kumachitikadi, bodza lake linkamveka ngati zoona.

Zinaululika pa Beitbridge. Kumudzi kunagwa maliro a malume, ndinakwera basi ya ku Blantyre yodzera Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Mayi wa pa kauntala anayang'ana pasipoti, anayang'ana lisiti, n'kulemba nambala ija pa kompyuta. Kawiri. Kenako anati palibe pempho lililonse m'dzina langa. Mayiyo sanalakwe kanthu, anangochita zimene lamulo likunena: ukapyola masiku osaposa 30 umaletsedwa kulowa chaka chimodzi, ukapyola kuposa pamenepo ndi zaka 5. Ine ndinali nditapyola miyezi. Anandipatsa kapepala konditcha "undesirable", kutanthauza wosafunika m'dzikomo, ine n'kubwerera m'basi, miyendo ili zii. Pakati pa Masvingo ndi Harare ndinaimba foni ya bambo uja kasanu ndi kawiri. Yachisanu ndi chitatu inali yozima.

Apilo ilipo, ndipo ndinaichita ndili ku Lilongwe: kalata yofotokoza, makope a pasipoti, lisiti yabodza ija, kalata ya kusukulu yotsimikiza kuti ndine wophunzira wawo. Chiletso chinachotsedwa, koma chaka chinali chitapita. Maphunziro a m'chipatala si oti anzako akutumizire manotsi pa WhatsApp. Ng'ombe uyenera kuipisa dzanja wekha, mphunzitsi akuona. Anzanga anavala mikanjo ine ndikuthandiza kubaya nkhuku katemera wa chitopa ku Mitundu. Bambo uja ndamva kuti anasintha tchalitchi, ndipo akadali ndi makasitomala, chifukwa ife Amalawi tikaberedwa timakhala chete kuopa kusekedwa. Ine sekani, koma pasipoti yanu isagone m'nyumba ya munthu ngakhale usiku umodzi. Pemphani tsiku kwa aphunzitsi, amamvetsa. Ofesi ya ophunzira akunja ili pa yunivesite pomwepo, ndipo kufunsa n'kwaulere.

Tsono za maphunziro enieniwo, poti ena mungaganize kuti ndikukuletsani. Ndi abwino kwambiri. Onderstepoort inayamba ndi Arnold Theiler mu 1908 ngati malo ofufuzira matenda a ziweto za ku Africa kuno, ndiye za nkhupakupa ndi matenda ake mudzazidziwa mpaka kuzilota. Koma konzekani kuthera nthawi yambiri pa agalu, amphaka ndi mahatchi a anthu olemera, ndi makina amene kumudzi simudzawapeza. East Coast fever, nthenda yobwera ndi nkhupakupa imene imapha ng'ombe zathu, ku South Africa inathetsedwa kalekale, ndiye mudzaiwerenga m'buku kuposa kuiona. Pa tchuthi musangogona kwa amayi. Valani ovolosi, tsatirani alangizi a ziweto ku dipi, kaoneni chigodola cha nkhumba ndi maso anu. Ndipo mukatumizidwa ku chipatala cha ziweto cha ku Hluvukani, kufupi ndi nkhalango ya nyama ya Kruger, musadandaule za kutentha. Kumeneko n'kumene ndinaona mlimi wa ng'ombe zisanu akuwerenga makobidi m'manja asanavomere jakisoni, chimodzimodzi agogo anga ku Dedza.

Amene simunanyamuke, funsani kaye ku LUANAR, udotolo wa ziweto akuphunzitsa tsopano, komanso ku Samora Machel School of Veterinary Medicine ya University of Zambia ku Lusaka, komwe basi ya m'mawa imakufikitsani tsiku lomwelo. Amene muli kale ku Joni, tsekulani pasipoti lero lino, onani tsiku lothera viza, muchotsepo masiku 60, mulembe pa khoma pafupi ndi pamene mumapachika ovolosi.