Kadulidwe ndi Kasungidwe ka Udzu wa Ng'ombe za Mkaka

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, madambo amauma, tchire limapsa ndi moto wolusa, ndipo mkaka umachepa m'ndowa tsiku ndi tsiku. Chakudya cha ng'ombe cha miyezi imeneyi chiyenera kukonzedwa mu Malichi ndi Epulo, udzu ukadali wobiriwira.

Chofunika koposa ndi nthawi yodulira. Udzu wa Rhodes, womwe umauma msanga chifukwa cha mitengo yake yopyapyala, udulidwe ukangoyamba kutulutsa ngayaye, pakuti apa ndi pamene masamba ali ambiri ndipo chakudya chomanga thupi chikadali chokwanira. Alimi ambiri amadikira kuti udzu ufiire pamunda poganiza kuti akolola wochuluka, koma chimene amatuta ndi mapesi olimba omwe ng'ombe imangonunkhiza n'kusiya m'chodyera. Nsenjere musaiumitse, chifukwa mitengo yake ndi yonenepa ndipo imaola isanaume. Ndi bwino kuidyetsa yaiwisi kapena kuikonza sayileji, udzu wauwisi wodulidwa tizidutswa ndi kusungidwa mopanda mpweya.

Sankhani masiku oti kunja kwayera, ndipo yambani kudula mame akauma. Dulani ndi chisikilo kapena chikwakwa, kusiya chitsa cha masentimita pafupifupi 10 kuti udzu uphukirenso. Uyanikeni mopyapyala pomwepo ndi kuutembenuza kawiri pa tsiku, ndipo dzuwa likakhala labwino masiku awiri kapena atatu amakwana. Madzulo muuunjike kuti usanyowe ndi mame, m'mawa muumwazenso. Kuti mudziwe ngati wauma, tengani wodzaza dzanja ndi kuupotokola mwamphamvu: wouma bwino umalira ngati pepala, sutulutsa madzi, komabe suthothoka masamba, ndipo umakhala wobiriwirako ndi fungo lokoma. Udzu woyera mbuu wakhalitsa padzuwa ndipo wataya mphamvu.

Pomanga mabelo, mitolo ya udzu wouma wopanikizidwa, gwiritsani ntchito bokosi lamatabwa. Yalani zingwe ziwiri za khonje m'bokosimo, nsonga zake zili kunja, kenaka thirani udzu pang'onopang'ono mukuupondaponda, makamaka m'ngodya, mpaka bokosi lidzaze. Mangani zingwezo molimba ndi kutulutsa belo.

Mabelo asungidwe pa thandala lokwera pansi pa denga losadontha, potalikirana ndi khoma kuti mphepo izidutsa ndiponso chiswe chisafike. Izi n'zofunika kwambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kumene chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa chilichonse chosiyidwa poyera. Sabata zoyamba muzipisa dzanja pakati pa mabelo, ndipo mukamva kutentha muwamasule ndi kuyanikanso, pakuti udzu wosungidwa ndi chinyezi umachita nkhungu ndipo ungathe kudwalitsa ng'ombe. Lambulani mozungulira nkhokweyo kuteteza moto.

Ng'ombe ya makilogalamu 400 imadya pafupifupi makilogalamu 10 mpaka 12 a chakudya chouma pa tsiku, choncho werengerani mabelo anu molingana ndi miyezi yachilimwe. Podyetsa, sakanizani udzuwo ndi masangwi a mtedza ndi madeya, ndipo madzi akumwa asasowe m'khola.