Mmene Mungafufuzire Mbiri ya Mfuti Yakale ya Apolisi

Mfuti yaing'ono yakale, kaya mwaigula kaya ndi ya chuma cha masiye, kawirikawiri imabwera ndi nkhani yakuti inali ya wapolisi wakutiwakuti. Nkhaniyo ilembeni monga mwaimvera, pamodzi ndi tsiku ndiponso amene wakuuzani, koma musaiyese umboni, chifukwa ntchito yonse ya kafukufukuyu ndi kuona ngati chitsulocho ndi mapepala zikuvomerezana ndi zapakamwazo. Musanayambe chilichonse, tsimikizani kuti mfutiyo ilibe zipolopolo komanso kuti malamulo a dziko lanu akukulolani kuisunga.

Yambani ndi mfuti yeniyeniyo. Ijambuleni mbali zonse pamalo owala, kenaka koperani chilembo chilichonse, nambala iliyonse ndi chidindo chilichonse, ngakhale chooneka ngati chopanda pake. Musaikweche kapena kuipukuta ndi mankhwala ochotsa dzimbiri, pakuti zidindo zina n'zosazama ndipo zikafufutika sizibwereranso. Ambiri amasokera pa nambala. Pa mfuti za revolver (zokhala ndi gudumu la zipolopolo) za kampani ya Smith & Wesson, nambala yovomerezeka imakhala kunsi kwa chogwirira, pomwe manambala ena amene amaoneka mukatsegula gudumu la zipolopolo anali ongothandiza amisiri kulumikiza zitsulo kufakitale. Pa mfuti za Colt za mtundu womwewo, nambalayo imapezeka pamalo amene amaonekera gudumulo likatsegulidwa. Mukaona kuti nambala inapalidwa dala, lekerani pomwepo ndipo kafunseni kwa odziwa malamulo, chifukwa m'mayiko ambiri kungosunga mfuti yotere ndi mlandu.

Dzina la mfuti lisakunyengeni. Military & Police ya Smith & Wesson, imene inayamba kupangidwa mu 1899 n'kudzatchedwa Model 10 mu 1957, inkagulitsidwa kwa munthu wamba aliyense wofuna, ndipo ndi mmene zinalilinso ndi Colt Official Police ya mu 1927 ndi Walther PP (chidule cha mawu a Chijeremani otanthauza mfuti ya apolisi) ya ku Germany ya mu 1929. Mawu otchula apolisi pa mayinawa anali okopera ogula basi.

Umboni wodalirika kwambiri ndi kalata yochokera m'kaundula wa fakitale. Kampani ya Colt ili ndi nthambi yoona zolemba zakale, ndipo za Smith & Wesson zimaperekedwa kudzera ku Smith & Wesson Historical Foundation. Mukatumiza nambala, zithunzi ndi malipiro, amakulemberani tsiku limene mfutiyo inatuluka m'fakitale, kumene inatumizidwa, kukula kwa chipolopolo chake, kutalika kwa mpope ndi maonekedwe ake panthawiyo. Kalatayi muiyerekeze ndi mfuti ili m'manja mwanu, chifukwa ngati ikunena za mpope wa mainchesi 6 pomwe wanuwo ndi wa mainchesi 4, ndiye kuti wina anausintha kapena kuudula. Komabe kalatayi ili ndi malire: imangotchula wolandira woyamba, amene nthawi zambiri anali wogulitsa mopikulitsa osati likulu la apolisi. Izi sizitsutsa nkhani imene munamva, popeza ku United States kunali mizinda, monga New York, kumene wapolisi ankadzigulira yekha mfuti ya pantchito, koma sizikuitsimikizanso. Dziwaninso kuti Smith & Wesson sinkatumiza mfuti motsatira ndondomeko ya manambala, choncho chaka chimene mungachipeze m'mabuku a osonkhanitsa mfuti ndi chongoyerekeza.

Zidindo za umwini ndizo zimafuna maso akuthwa. Nthambi zambiri za apolisi ku America zinkadinda zilembo zachidule za dzina lawo kumsana kwa chogwirira, limodzi ndi nambala ya m'nkhokwe ya zida. Vuto ndi lakuti zilembo monga SPD zingaimire mizinda yambirimbiri, ndipo kudinda zilembo n'kosavuta kwa munthu wofuna kukweza mtengo. Yerekezani kaumbidwe ka zilembozo ndi mfuti zina zotsimikizika za nthambi yomweyo, ndipo onani ngati chidindocho chinaperepeseka mofanana ndi chitsulo chochizungulira. Chidindo chakuthwa pa mfuti yotha ndi chokayikitsa. Ku Germany, m'zaka za m'ma 1920 apolisi ankadinda zilembo kutsogolo kwa chogwirira cha mfuti za Luger, monga S.B. kutanthauza apolisi a ku Berlin, ndipo mfuti ikasamutsidwa, chidindo chakale ankachikhwatcha n'kudinda china, motero ulendo wake wonse umawerengeka pachitsulo pomwepo. Nambala ya 1920 yopezeka pa zina mwa mfutizi si chaka chopangira, koma chizindikiro chakuti inali katundu wa boma. Za ku Britain zimakhala ndi zidindo za nyumba zoyezera mfuti za ku London kapena Birmingham, zomwe zimasonyeza kuyezedwa kokha, osati mwini wake.

Mukadziwa nthambi ya apolisi, lemberani nyumba yawo yosungiramo zinthu zakale, malo osungira zolemba za mzinda kapena bungwe la apolisi opuma pantchito, mukutchula nambala ya mfuti ndi zaka zimene mukuziganizira. Musadabwe mukayankhidwa kuti kaundula anatayidwa, makamaka pa mfuti zimene zinagulitsidwa mwaunyinji m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene apolisi ankasiya ma revolver. Bungwe la ATF, la boma la United States loona za mfuti, musavutike nalo, chifukwa limalondola mfuti pothandiza apolisi ofufuza milandu okha.

Pomanga faelo yanu, ikani zotsimikizika ndi mapepala patsamba lawolawo, zongomva patsamba lina, ndipo zaka zimene simunapeze mwini wake muzilembe kuti n'zosadziwika. Ngati dzina la wapolisi lapezeka ndipo abale ake alipo, pemphani chilolezo chawo musanalifalitse pamodzi ndi zithunzi za mfutiyo.