Momwe mungamangire kandege ka Focke-Wulf Ta 183, jeti yomwe inathera pa pepala

Kumapeto kwa 1944, mabomba a America ndi Britain atalipanikiza boma la Hitler, makampani a ndege ku Germany anauzidwa kuti ajambule jeti yankhondo ya injini imodzi. Junkers anabwera ndi EF 128, Blohm & Voss ndi P 212, Messerschmitt ndi P.1101, pomwe Focke-Wulf anapereka Ta 183 yomwe anajambula Hans Multhopp motsogozedwa ndi Kurt Tank. Asilikali a Britain analanda maofesi a Focke-Wulf mu Epulo 1945, Ta 183 ngakhale imodzi isanamangidwe. Lero mukafuna kuiona itaima pa matayala ake, njira yapafupi ndi kudzimangira nokha ya pulasitiki.

Choyamba, pezani bokosi la zidutswa za pulasitiki zomangira kandegeko. Ya kampani ya Academy ndi ya 1/48 (yochepa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni), ya PM Model ndi ya 1/72. Ndege yeniyeni ikanakhala ndi mapiko otalika mamita 10, choncho pa 1/48 mapiko amafika masentimita pafupifupi 21, pa 1/72 pafupifupi 14. Tengani yaikuluyo, zala zanu zidzakuthokozani. Mtengo wa bokosi suvuta kwenikweni, chopweteka ndi wotumizira, womwe nthawi zina umaposa wa katunduyo. Ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku UK, mupempheni akutengereni. Achenjereni aja ogulitsa mabokosi otsegula kale m'magulu a pa intaneti ati "zonse zilimo". Auzeni ajambule galasi la pampando wa woyendetsa ndi pepala la zomata (zizindikiro zomata pa ndege) musanatumize ndalama. Ziwirizi ndiye zimasowa kawirikawiri, ndipo galasi simungalipange pakhomo.

Tsukani zidutswa ndi sopo wa mbale, dulani, palani ndi sandipepa wosalala, pentani mkati mwa chipinda cha woyendetsa ndi penti yotuwa moderako, yomwe pa botolo amalemba RLM 66 (RLM ndi manambala a mitundu ya penti ya ndege za Germany za nthawiyo). Izi n'zodziwikiratu.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni: kulemera kwa kumphuno. Ta 183 ili ndi thupi lalifupi lonenepa, mapiko opendekera kumbuyo madigiri 40, ndi mchira wautali wothera ngati chilembo T. Imaima pa matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri pakati. Ndege yeniyeni ikanalemera kutsogolo chifukwa cha mfuti zinayi za MK 108 za mamilimita 30, koma pulasitiki ilibe mfuti zachitsulo. Yanga yoyamba, nditangoiika pa tebulo itatha kupentedwa, inakhala pansi ndi mchira, tayala lakutsogolo lili m'mwamba ngati galu wopempha nsima. Thupi linali litamatidwa kale, kolowetsera chilichonse kunalibe.

Chovuta n'choti injini ikanamakokera mpweya kudzera pa bowo la kumphuno, ndiye paipi imadutsa pomwe mukanaika cholemera. Malo otsala ndi timipata ta m'mbali mwa paipiyo ndi kuseri kwa mpando. Gulani timtovu tomwe asodzi amamangirira ku chingwe cha mbedza, ntotchipa kuposa zolemera za m'masitolo a zidole. Tiphwanyeni ndi hamala tikhale tapyapyala, kenako sambani m'manja chifukwa mtovu ndi poizoni.

Musamate kaye. Gwirizanitsani mbali ziwiri za thupi, mapiko ndi mchira pogwiritsa ntchito selotepi, timtovu tili mkati. Goneketsani pensulo pa tebulo, ndipo muikepo ndegeyo pamalo enieni pomwe padzakhale matayala awiri aja. Ikagwera kumbuyo, tsegulani muwonjezere. Ikayamba kugwera kutsogolo, wonjezeraninso kamodzi, chifukwa penti ndi tizidutswa ta kumchira zidzabweza kulemera kwina kumbuyo. Koma musachite kudzaza, mwendo wa tayala lakutsogolo ndi woonda ndipo umapindika. Mtovu wonse ukhale kutsogolo kwa pensulo. Womwe uli kumbuyo kwake ukungolemetsa matayala pachabe.

Pomata mtovu gwiritsani ntchito epoxy wosakaniza machubu awiri. Guluu wa pulasitiki amagwira posungunula pulasitikiyo, choncho sagwira mtovu, ndipo mukamuthira wambiri mphuno imafewa n'kubonyoka. Supaguluu amatulutsa nthunzi yosiya chifunga choyera pa galasi, makamaka uja wa timachubu ta pamsika yemwe theka lake ndi mpweya. Epoxy aume usiku wonse, gwedezani thupilo pafupi ndi khutu, ndipo ngati simukumva kulira kulikonse, tsekani. Ngati mwawerenga izi mutatseka kale, imatireni matayala pa kathabwa basi. Kuponya mtovu m'paipi ya mpweya kumagwira ntchito, koma aliyense wosuzumira kumphuno adzauona.

Mukatseka, palani mzere wolumikizira, makamaka pamlomo wa bowo lija. Mabokosi ena amakupatsani mwayi wosankha kotulukira utsi: Heinkel HeS 011, injini yomwe ndegeyi anaijambulira, kapena Jumo 004 ya pa jeti ya Me 262, yomwe ikanaikidwa pa ndege zoyeserera chifukwa HeS 011 inali isanakonzeke. Ine ndimakonda ya Heinkel.

Pa penti palibe angakutsutseni, ndegeyi sinavalepo utoto uliwonse. Ambiri amatsata mitundu ya 1945: RLM 76 yobiriwira ngati thambo kumimba, RLM 81 ndi 82 pamwamba. Ena amaipenta mitundu ya Argentina, poti Tank atapita kumeneko anapanga Pulqui II yofanana nayo, yomwe inauluka mu 1950. Chizindikiro cha swastika, cha chipani cha Hitler, mabokosi ambiri saikamo, kapena amachidula pawiri, chifukwa cha malamulo a ku Germany. Ine sindichisaka. Jeti zomwe boma lija linamangadi, monga Me 262 ndi He 162, mbali yaikulu ya ntchito yake anaigwira akaidi a m'misasa yozunzirako anthu.

Zotsala n'zachangu. Vanishi wowala, zomata m'madzi ofunda, vanishi wosawala. Matayala, zitseko zake, mizinga ya X-4 pansi pa mapiko ngati ilimo m'bokosi lanu. Galasi limatidwe pomaliza ndi guluu woyera wa matabwa.