Kunyika ulusi wa ubweya ndi cochineal: miyezo ndi zimene zimaononga mtundu

Utoto wa cochineal umachokera ku tizilombo tatikazi tokhala pa chomera cha minga chimene ku Mexico amati nopal. Kuti tizilombo touma tikwane kilogalamu imodzi pamafunika pafupifupi 150,000, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wokwera. Masiku ano wambiri amachokera ku Peru. Mwayi wake ngwakuti utotowu ndi wamphamvu, kangachepe kamanyika zambiri.

Miyezo iyi ndi ya magalamu 100 a ulusi wa ubweya wa nkhosa, woyezedwa uli wouma: alum (mchere womangirira utoto) magalamu 12, cream of tartar (ufa woyera wowawasa wa zophikaphika) magalamu 6, cochineal magalamu 6, madzi malita 5. Mukafuna mtundu wa pinki, magalamu 2 a cochineal akwana.

Yambani mwachapa ulusiwo m'madzi otentha a sopo kuti mafuta a nkhosa achoke, apo ayi mtundu ugwira mwamathothomathotho. Kenaka sungunulani alum ndi cream of tartar, muthire m'poto wa madzi, muike ulusi uli wonyowa. Kolezani moto pang'onopang'ono mpaka madigiri 80 Celsius, mukhale pamenepo ola limodzi, ndipo ulusi ugonere momwemo. Alum ndiye amamangirira utoto ku ubweya. Koma musaonjezere poganiza kuti mtundu uwala kwambiri, ulusi umangosanduka wonata ndi wokhakhala.

Tsiku lomwelo sinjani tizilombo m'kamtondo mpaka tikhale ufa wofiirira moderako, muviike m'theka la lita la madzi usiku wonse. M'mawa phikani kwa mphindi 15, musefe pa kansalu, mubwezere nsenga m'poto ndi madzi ena, muphikenso. Chitani katatu. Sefani mosamala, chifukwa kachidutswa kotsalira kamakanirira pa ulusi n'kusiya kadontho kakuda kosachoka.

Thirani madzi ofiirawo m'poto wamkulu, muonjezere madzi, muike ulusi uja mutautsukuluza. Madigiri 80 omwewo, kwa mphindi 45 kapena ola. Asawire, ndipo musatakase ngati phala: ubweya ukatenthedwa n'kumatikitidwa umaphathana, sungalukikenso. Ingotembenuzani ndi mthiko mwa apo ndi apo. Uzizirire m'potomo, mutsukuluze ndi madzi ofunda mofanana ndi ulusiwo, muyanike pamthunzi.

Kumene ambiri amalakwitsa ndi ku madzi ndi poto. Cochineal sachedwa kusintha mtundu. Madzi a pamjigo okhala ndi laimu wambiri amaukokera ku pepo wozilala, choncho tungani a mvula. Poto wadzimbiri, ngakhale supuni yachitsulo yoiwalika m'kati, amadetsa zonse n'kukhala zotuwa. Gwiritsani ntchito wa stainless steel, ndipo asabwererenso kukhitchini. Yeserani kaye m'matambula awiri a madzi a utotowo: mu ina finyiranimo ndimu, muona madzi akutembenukira ku olenji nthawi yomweyo, mu inayo ikanimo kasoda kophikira therere, asanduka pepo. Sopo wochapira waufa amachita ngati soda yemweyo, ndiye chovala chonyikidwa chotere chichapidwe ndi sopo wofatsa.

Madzi otsala m'poto musataye. Ikanimo ulusi wina wodutsa kale mu alum, mupeza pinki, wachitatu wotumbulukirako. Thonje ndiye silimva alum yekha, limafuna liyambe laviikidwa mu tannin, mankhwala opezeka m'makungwa a mitengo.