Kagulidwe ka tikiti ya mpira waukulu kuti musaberedwe kapena kutsalira kunja kwa geti

Bullets ndi Wanderers zikamakumana pa Kamuzu Stadium, kapena Flames ikamasewera pa Bingu National Stadium, madandaulo a masapota sasintha. Wina wauzidwa kuti matikiti atha chonsecho mnyamata wina pambali pompo ali nawo mpukutu m'manja. Wina wagula, koma pageti amubweza ati ndi yabodza. Wina tikiti yake ndi yeniyeni, koma mpira wafika pakati iye akadali pamzere padzuwa. Ambiri mwa mavutowa gwero lake ndi limodzi: kudikira tsiku la masewero n'kumakagula pakhomo pa bwalo, pomwe pali phokoso, changu, ndi anthu amene ntchito yawo ndi kudyerera changucho.

Yambani ndi kudziwa mwini masewero

Amene akukonza masewero ndiye amasindikiza matikiti, ndipo ndiye yekha woyenera kumumvera. Masewero a ligi yaikulu amayendetsedwa ndi bungwe la Super League of Malawi (Sulom) pamodzi ndi timu yomwe ili pakhomo. A Flames ndi a zikho monga FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup amakhala m'manja mwa FAM, bungwe loyendetsa mpira wa miyendo m'dziko muno. Choncho uthenga wa matikiti muufune pa tsamba lenileni la bungwelo kapena la timuyo, kapenanso pa mapologalamu a zamasewero a wailesi monga MBC, Zodiak ndi Times. Chithunzi chongoyendayenda m'magulu a WhatsApp sichikwanira. Chikhoza kukhala cha chaka chatha chomwe wina wangosintha deti.

Mukaupeza uthengawo, lembani penapake bwalo lomwe mpira uchitikire, mtengo wa mbali iliyonse, malo ogulitsirako, tsiku lomaliza kugulitsa matikiti a pasadakhale, ndi nthawi yotsegula mageti. Dzulo lake la masewero muonenso kachiwiri. Mpira kwathu kuno umasamuka bwalo, nthawi yoyambira imasinthanso, makamaka bwalo likakanizidwa kapena mvula ikaononga.

Ena sakhulupirira kuti matikiti amathadi, amati ndi chinyengo chabe. Nthawi zina amathadi. Bwalo la Bingu, ku Area 48 mu Lilongwe, limalowa anthu pafupifupi 41,000. Kamuzu Stadium ya ku Chichiri ndi yakale, ndipo mbali zina zokhala anthu zinatsekedwa akatswiri atapeza kuti sizili bwino, motero chiwerengero chololedwa kulowa n'chochepa kusiyana ndi chimene akuluakulu amakumbukira. Mabwalo monga Silver Stadium, Civo ndi Mzuzu Stadium ndi aang'ono poyerekeza ndi la Bingu. Okonza masewero amayenera kusindikiza matikiti molingana ndi chiwerengero chololedwa, osati molingana ndi kuchuluka kwa ofuna kulowa.

Sankhani mbali musanapite kokagula. Kawirikawiri matikiti amakhala a mitundu itatu: a pamtetete omwe timangoti open, a kofolera omwe ndi covered, ndi a VIP. A open ndiwo otsika mtengo, ndiwonso amakhala ndi mzere wautali ndi matikiti abodza ambiri. Ngati muli ndi ana, munthu wachikulire, kapena ndi nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kuwonjezera ndalama pang'ono kuti mukhale kofolera si kuwononga. Funsaninso komwe kumakhala masapota a timu yanu. Pa mpira wa Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers), kuvala zofiira pakati pa a buluu, kapena za buluu pakati pa ofiira, n'kudziputira zosafunika.

Kugula pasadakhale

Pa masewero akuluakulu matikiti nthawi zambiri amayamba kugulitsidwa masiku angapo mpira usanachitike, m'malo olengezedwa monga malo omwetsera mafuta, nthambi za banki, masitolo ena, kapena ofesi ya timu. Mtengo wa pasadakhale umakonda kukhala wotsikirapo kuposa wa pageti. Pitani tsiku loyamba kapena lachiwiri, chakum'mawa. Malo aliwonse amapatsidwa mabuku owerengeka, ndiye ogulitsa akati atha, nthawi zambiri akunena za gawo lawo lokha. Afunseni ngati akuyembekezera mabuku ena, kapena thamangirani malo ena omwe ali pa mndandanda, makamaka amene ali kutali ndi pakati pa tauni chifukwa kumeneko anthu safikako msanga.

Tengani ndalama yokwanira ndendende. Nkhani ya chenji imachedwetsa mzere ndipo ndi pomwe ena amataya ma K500 awo.

Musachoke pa kauntala musanaiwerenge tikitiyo. Onani mayina a matimu, deti, bwalo, mbali yomwe mwalipirira, mtengo wosindikizidwa, ndi nambala yake. Onani ngati ili yathunthu, kachidutswa kong'amba pageti kakadali pomwepo. Ngati okonza analengeza chizindikiro chapadera, kaya ndi chidindo, kaya kachonyezimira, kaya kabokosi kojambula ndi makina (QR code), kakhalepo. Mukagula matikiti angapo nthawi imodzi, manambala ake amayenera kukhala otsatizana popeza achoka m'buku limodzi; matikiti awiri a nambala yofanana ndiye kuti ina, mwina zonse, ndi yabodza.

Ijambuleni pa foni kuti mukhale ndi umboni, koma chithunzicho musachiponye pa Facebook kapena pa status. Tikiti ya kabokosi kojambula munthu akhoza kuikopera kuchokera pa chithunzi chanucho, n'kukalowa inu musanafike. Isungeni mosapinda kwambiri, m'kapepala ka pulasitiki. Thukuta ndi mvula zimafufuta inki, ndipo wa pageti sakhala ndi nthawi yomvetsera kuti inanyowa bwanji.

Mukamagula monga gulu, aliyense alandire tikiti yake dzulo lake. Zosungitsa matikiti khumi kwa munthu mmodzi zimathera poti iyeyo wachedwa pa minibasi, foni yake sikupezeka, anthu asanu ndi anayi aima panja.

Kugula pa foni

Okonza akalengeza kuti mutha kugula kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena banki, tsatirani njira yomwe alengeza yokhayo. Airtel Money mumalowa ndi *211#, Mpamba ndi *444#. Musanalembe PIN, werengani dzina la wolandira lomwe latuluka. Likakhala dzina la munthu wamba m'malo mwa bungwe, timu kapena kampani yomwe yalengezedwa, lekani pomwepo. Mu akaunti muzikhala ndalama yoposerako mtengo wa tikiti, chifukwa pakhoza kukhala yodula, ndipo kuperewera kwa K100 yokha kumalepheretsa zonse.

Vuto lofala ndi ili: ndalama yachoka koma uthenga wa tikiti sunabwere. Musalipirenso nthawi yomweyo. Anthu ambiri akamagula pa kamodzi makina amachedwa, ndipo uthenga ukhoza kufika patapita nthawi. Sungani uthenga wosonyeza kuti ndalama yachoka, chifukwa nambala yomwe ili mmenemo ndi imene adzakufunseni mukakadandaula kwa ogulitsa kapena ku kampani ya foni. Apa ndi pomwe kugula masiku awiri kapena atatu mpira usanafike kumathandiza: pamakhala mpata wokonza. Zomwezo zikakuchitikirani 1 koloko masana a tsiku la mpira, palibe amene angakuthandizeni.

Tikiti ikabwera ngati uthenga kapena chithunzi, isungeni m'foni momwe mungaitsegule popanda intaneti. Pabwalo pakadzaza anthu netiweki imavuta. Foni ikhale yodzaza moto, ndipo ngati galasi lake ndi losweka kwambiri, pitani mukasindikize tikitiyo pa pepala. Tikiti yotere imagwira kamodzi kokha. Ikajambulidwa pageti yatha ntchito, ngakhale mutaitumiza kwa anzanu asanu.

Ndipo palibe wogulitsa tikiti weniweni amene angakuimbireni kufunsa PIN yanu.

Anyamata a panja pa bwalo

Apa ndi pomwe pamathera ndalama za anthu ambiri, ndiye tifotokoze bwinobwino. Amene amakutsatirani mukangotsika minibasi, akunong'ona kuti "bwana, ndili nawo, musavutike ndi mzere," sagulitsa katundu wa mtundu umodzi.

Ena anagula matikiti enieni ambiri pasadakhale kuti adzagulitse mokwera. Tikitiyo ikulowetsani, koma mwalipira kawiri, ndipo ndi iwowa amachititsa kuti malo ovomerezeka athe msanga. Ena ali ndi matikiti osindikiza okha. Awa mungawazindikire: pepala limakhala lopyapyala kapena losalala mosiyana ndi lenileni, zilembo zimaoneka zofufuma m'mphepete, pong'ambira sipakhala timabowo tolongosoka, ndipo manambala amabwerezabwereza. Ena amagulitsa matikiti a masewero akale, chala chawo chitaphimba deti. Amakupatsani moipinda, akukufulumizitsani kuti apolisi akubwera, cholinga musaifunyulule.

Mtundu wovuta kwambiri ndi wa matikiti obwerera. Tikiti yeniyeni yaperekedwa pageti, sinang'ambidwe, yadutsa m'manja n'kutulukanso panja kukagulitsidwa kachiwiri, kachitatu. Wogula saona cholakwika chilichonse chifukwa ndi yeniyenidi. Koma zotsatira zake n'zimene zimapweteka aliyense: bwalo limadzaza kuposa matikiti omwe anasindikizidwa, mageti amatsekedwa, ndipo amene anagula mwachilungamo n'kuchedwa pang'ono amatsala panja ali ndi tikiti m'manja. Timu nayo imalandira zochepa, popeza ndalama za pageti zimagawidwa pakati pa matimu, mwini bwalo ndi mabungwe oyendetsa masewero pambuyo pochotsa zolipira apolisi ndi ogwira ntchito. Sapota amene amalalata kuti timu yake sikulipira osewera, koma iye n'kumalowa popereka kangachepe m'manja mwa munthu, akudzinamiza. N'chifukwa chake pageti muzionetsetsa kuti tikiti yanu yang'ambidwa kapena yajambulidwa inu mukuona, ndipo mbali yanu yabwerera m'manja mwanu. Akafuna kutenga yonse yathunthu, kanani mwaulemu: "Ng'ambani, achimwene, mundipatse yangayo."

Ngati simunachitire mwina ndipo mukugula tsiku lomwelo, gulani pa zenera kapena galimoto yomwe okonza aika, pomwe pali apolisi ndipo tikiti ikung'ambidwa m'buku inu mukuona. Yotsika mtengo kuposa wolengezedwa isiyeni osaiganizira n'komwe; palibe amene amagulitsa moluza pa tsiku la Maule ndi Manoma.

Pageti

Mpira kuno kawirikawiri umayamba cha m'ma 2:30 kapena 3 koloko masana, ndipo khamu lalikulu limafika mu ola lomaliza. Pa mpira waukulu, fikani maola atatu usanayambe. Pa ndime yotsiriza ya chikho kapena Flames ikamasewera ndi dziko lotchuka, fikani mageti akangotsegulidwa. Idyani kunyumba. Mabotolo agalasi, zitsulo ndi chilichonse chooneka ngati chida zisiyeni, chifukwa akakubwezani nazo mukayambiranso kumbuyo kwa mzere.

Musanaime pamzere, funsani wapolisi kapena woyang'anira kuti mzerewo ndi wa mbali iti, komanso ngati ndi wa ogula kapena wa amene ali kale ndi matikiti. Safunsa anadya phula: anthu amaima ola lathunthu n'kukauzidwa kutsogolo kuti geti lawo lili kuseri kwa bwalo. Tikiti ikhale m'manja, foni ndi ndalama m'thumba lakutsogolo. Opisa m'matumba amakonda pomwe anthu akupanikizana polowa, ndipo nthawi zina ndi iwo omwe amayambitsa kukankhanako.

Nkhani ya kukankhana si yoseweretsa. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa Bingu National Stadium khamu litapanikizana polowa. Mageti anachedwa kutsegulidwa, anthu anachuluka panja, ndipo tsikulo kunali mpira wa Bullets ndi Silver Strikers. Mukaona kuti geti latsekedwa koma anthu akuwonjezekabe kumbuyo, kapena simungathenso kukweza manja momasuka, chokanipo msanga, mukulowera cham'mbali osati kulimbana ndi khamu. Musaime moyang'anizana ndi chitseko, khoma kapena mpanda. Mukapanikizika, ikani mikono patsogolo pa chifuwa kuti muzipuma, ndipo chinthu chikagwa pansi, kaya ndi foni kaya nsapato, musawerame. Mwana wamng'ono mnyamuleni, ndipo m'thumba mwake mukhale kapepala ka nambala yanu ya foni. Kunena zoona, mpira umene ukuyembekezeka kudzaza bwalo si woyenera kupita ndi mwana ngati simungathe kufika m'mawa.

Akakukanizani kulowa ponena kuti tikiti ndi yabodza koma inu munagula pamalo ovomerezeka, musalimbane ndi wa pageti. Patukani, pemphani kuonana ndi wamkulu woyang'anira geti kapena wa bungwe lomwe lakonza masewero, muonetseni chithunzi chija kapena uthenga wa malipiro, ndipo tchulani malo ndi tsiku lomwe munagula. Tikitiyo musaisiye m'manja mwa wina musanalembe nambala yake. Mpira ukalephereka chifukwa cha mvula kapena chisokonezo, sungani kachidutswa kanu mpaka okonza alengeze. Ngati angalole kulowa ulere pa tsiku lobwereza, umboni wake ndi komweko.

Ochokera kutali, monga a ku Blantyre opita ku Bingu, ulendo wa makilomita oposa 300 womwe umadya maola anayi kapena asanu pa basi, tikiti ya mpira ikhale m'manja musanadule ya basi. Ngati kwanuko sakugulitsa, tumani munthu amene mumamudziwa nkhope akagule pamalo olengezedwa, akutumizireni chithunzi chake, ndipo mugwirizane pokumanira patali ndi bwalo, monga pa depoti kapena kunyumba kwake, chifukwa pageti mafoni sagwira bwino ndipo aliyense amakhala wavala mtundu womwewo.